Chawinga wachitatu tikumutaya tokha kuno ku Lilongwe

Anthu akamakamba za Tabitha Chawinga masiku ano amayambira ku Lyon, ena ku Paris Saint-Germain kapena ku Inter Milan. Ndi ochepa amene amatchula Krokom/Dvärsätts IF, katimu ka m'ligi yachitatu ya ku Sweden komwe anafikira mu 2014, chaka chomwe anakwanitsa zaka 18, atachoka ku DD Sunshine ya kuno ku Lilongwe. Kumeneko anamwetsa zigoli 39. Chaka chotsatira anapita ku Kvarnsvedens IK, m'ligi yachiwiri, n'kumwetsa 43, timuyo n'kukwera m'ligi yaikulu ya Damallsvenskan. Mu 2017 anaposa onse m'ligiyo ndi zigoli 26 ngakhale timu yake inatsika. Kenako China: Jiangsu Suning mu 2018, Wuhan pambuyo pake. Inter inachita kumubwereka, iye n'kumwetsa zigoli 23 mu Serie A. PSG nayo inamubwereka, n'kumwetsa 19 m'ligi ya ku France. Lyon inamusainitsa mu 2024. Kuchokera ku Krokom kukafika ku Lyon panatenga zaka 10.

Mng'ono wake Temwa anadzera pafupifupi momwemo: Blantyre Zero, Kvarnsvedens mu 2017, Wuhan mu 2020, kenako Kansas City Current ya ku America mu Januwale 2024 ali ndi zaka 25. Chaka chomwecho anamwetsa zigoli 20 mu NWSL, ligi ya amayi ya ku America, kuposa 18 za Sam Kerr zomwe zinali zisanapitiriridwepo.

Ambirife nkhaniyi timaitenga ngati chozizwitsa cha banja limodzi la ku Rumphi. Timati ndi m'magazi, tikatero tamaliza. Maganizo amenewa ndi aulesi, ndipo akutipweteka. Luso silikusowa. Aliyense amene amaima m'mbali mwa mabwalo a sukulu ku Kawale, ku Area 25, ku Chinsapo kapena ku Mtandire Loweruka masana amaona atsikana othamanga kuposa anyamata a msinkhu wawo, omenya mpira ndi miyendo yonse iwiri. Chomwe chimasiyanitsa wokafika kunja ndi wothera panjira ndi zinthu zosakoma kukamba pa wailesi: tsiku lobadwa, kaundula, bondo, ndi pepala lomwe wasaina. Zonsezi zimakonzeka kapena kuonongeka mwana ali pakati pa zaka 12 ndi 18, konkuno kwathu, ndipo zambiri mwa izo sizidikira thandizo la kampani iliyonse.

Tiyambe ndi tsiku lobadwa. Mtsikana mmodzi yemweyo amapezeka ndi zaka zobadwa zitatu: china pa kabuku ka kusikelo, china chomwe aphunzitsi analemba pomulembetsa mayeso a Sitandade 8, china chomwe a kochi anachepetsa kuti alowe mpikisano wa osapitirira zaka 17. Pa bwalo la fumbi palibe wofunsa. Koma tsiku lomwe timu yakunja yamufuna, zitatu zonsezi zimakumana pa tebulo limodzi. Wosewera akamachoka dziko lina kupita lina, zonse zimadutsa pa makina a FIFA otchedwa TMS, ndipo mpira wa amayi unalowamo mu 2018. Timu yogula imalowetsa dzina, tsiku lobadwa, pasipoti ndi kontrakiti. Bungwe lathu la mpira la FAM limayenera kutulutsa chikalata chomumasula, ITC. Mapepala akasemphana nkhani imaima, pomwe nyengo yogula osewera siyembekeza munthu. Ikatsala pang'ono kutsekedwa, timu ija imangotenga wa ku Zambia kapena wa ku Nigeria amene mapepala ake ali bwinobwino.

Kuchepetsa zaka kulinso ndi msampha wina umene makochi ambiri sauona. Malamulo a FIFA, ndime 19, amaletsa wosewera wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina. Zifukwa zochepa zomwe amaloleza, monga makolo kusamuka pa nkhani zosakhudza mpira, sizigwira kwa mwana wa ku Mchesi. Choncho mtsikana wa zaka 19 amene analembedwa 16 ayenera kudikira zaka zina ziwiri pomwe akanapita lero. Kachikho ka kumapeto kwa sabata kamudyera zaka ziwiri pa ntchito yomwe kutalika kwake sikupitirira kwenikweni zaka 12 kapena 15 zolandira ndalama. Inu makolo, katengeni setifiketi yakubadwa ku NRB mwana akadali ku pulaimale. Akakwanitsa zaka 16 akajambulitse chitupa cha unzika. Pasipoti ipangidwe pasanabwere womufuna, ndipo dzina lilembedwe chimodzimodzi paliponse, chilembo ndi chilembo. Chisomo pa chitupa, Chisomo Grace pa pasipoti, Grace yekha pa khadi la timu: ameneyo kwa makina aja ndi anthu atatu.

Pa kaundula pomwepa pali ndalama zomwe makalabu athu amazisiya pansi. Mu mpira wa abambo, timu yomwe inalera mnyamata imalandira chipukutamisozi iye akasaina kontrakiti yake yoyamba kunja, koma kwa zaka zambiri malamulo a FIFA akhala akunena kuti zimenezo sizikhudza mpira wa amayi. Ambiri anangomva zokhazo n'kutaya mtima. Komatu pali gawo lina lomwe limagwira kwa onse. Wosewera akagulitsidwa kontrakiti yake isanathe, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu omwe anamuphunzitsa kuyambira chaka chomwe anakwanitsa zaka 12 kufikira cha 23. Zaka zinayi zoyamba, 12 mpaka 15, chaka chilichonse chimabweretsa 0.25 peresenti ya mtengo wonse; kuyambira 16 mpaka 23, chaka chilichonse ndi 0.5 peresenti. Tingoyerekeza kuti mtsikana wagulidwa pa madola 500,000 a ku America. Timu yomwe inali naye kuyambira zaka 12 mpaka 17 ili ndi 2 peresenti, omwe ndi madola 10,000. Ndipo si kamodzi kokha: nthawi iliyonse akagulitsidwanso, ngakhale pakati pa matimu awiri a m'dziko limodzi lakunja, gawo lija limabwera.

Kale wina akanaseka kuti mitengo yotere mu mpira wa amayi kulibe. Pano ilipo, ndipo yafika kale kwa anansi athu. Mu February 2024 Bay FC inagula Racheal Kundananji wa ku Zambia kuchokera ku Madrid CFF pa mtengo womwe unaposa yonse ya m'mbuyomo pa dziko lapansi. Mwezi wotsatira Orlando Pride inalipira madola 740,000 pa Barbra Banda. Mu Januwale 2025 Chelsea inadutsa madola 1 miliyoni pogula Naomi Girma. Koma kuti timu ya ku Biwi ilandire gawo lake, iyenera kukhala yolembetsedwa pansi pa FAM, ndipo dzina la mwanayo liyenera kuoneka m'kaundula chaka ndi chaka pansi pa timuyo. Umboni wake ndi chikalata chomwe FAM imatulutsa chosonyeza matimu onse omwe wosewera wadutsamo. Zithunzi za pa WhatsApp, kapena mawu a mfumu akuti tonse tikudziwa kuti anakulira kwa a kochi awa, ku FIFA sizimveka. Kochi amene wagulira mwana nsapato ndi kumulipirira fizi zaka zisanu osamulembetsa wagwira ntchito yaulere, ndipo tsiku lina adzadandaula pa Facebook kuti mwana uja ndi wosayamika, chikhalirecho lamulo linamusungira gawo lake iye osalitola.

Tsopano za anthu olonjeza ndege. Chiyambire kutchuka kwa a Chawinga, mauthenga ochokera kwa odzitcha ma ajenti achuluka m'mafoni a atsikana. Kuwazindikira sikovuta. Kuyambira mu 2023 ajenti weniweni amalemba mayeso a FIFA n'kupatsidwa laisensi, ndipo dzina lake limapezeka pa mndandanda womwe FIFA imaika pa intaneti. Mgwirizano wake ndi wosewera umakhala wolembedwa ndipo sudutsa zaka ziwiri. Ngati wosewerayo sanakwane zaka 18, kholo liyenera kuvomereza molemba. Chachikulu n'chakuti ajenti amadya pa malipiro a kontrakiti yomwe wapeza. Amene akufuna ndalama ya fomu, ya viza kapena ya malo a mayeso asanapeze kalikonse ndi wakuba, ngakhale atumize kalata ya chidindo cha timu yotchuka. Kalata yotere itsimikizidwe polembera timuyo pa adiresi ya pa webusaiti yake, osati pa nambala yomwe ajentiyo wapereka.

Kukayesedwa ku timu yakunja nako kuli ndi malamulo ake. Timu ndi wosewera amasainirana fomu ya FIFA yonena za nthawi, malo ogona, chakudya ndi mayendedwe, ndipo fomuyo imalowetsedwa mu TMS masiku osachepera 10 mayeso asanayambe. Wa zaka 21 kutsika m'munsi angayesedwe mpaka masabata 8 pa timu imodzi m'sizoni imodzi; wopitirira pamenepo, masabata atatu. Akavulala pa nthawiyo, timu ndiyo imulipirire chithandizo. Wopita popanda fomuyi, pa viza yokacheza ndi tikiti yopita yokha yomwe banja lagulitsira munda, ndiye amene timamva kuti wasowa pogwira m'dziko la eni.

Nanga timu yakunja imamuona bwanji mtsikana wa ku Area 23? Pa vidiyo. Apa timalakwitsa kwambiri. Timatumiza timphindi tiwiri ta zigoli zokhazokha, tojambulidwa kumbuyo kwa golo, foni ikugwedezeka, nyimbo ili pamwamba. Wofufuza osewera amafuna masewero athunthu awiri kapena atatu, mphindi 90 zonse, ojambulidwa pamalo okwera moyang'anizana ndi mzere wapakati, foni itagonekedwa cham'mbali pa choimikira kuti aone theka la bwalo nthawi imodzi. Akufuna aone zomwe mtsikanayo amachita mpira uli kutali ndi iye, ngati amabwerera timu ikalandidwa mpira, ngati akuthamangabe pa mphindi ya 80. Pamwamba pake muikepo kavidiyo ka mphindi zinayi kapena zisanu, nambala ya jezi, tsiku la masewero ndi dzina la timu yomwe ankasewera nayo. Pa Civo, pa Silver Stadium ndi pa Nankhaka pali pokwera pokwanira. Chofunika ndi foni imodzi, batire yapadera ndi munthu wosachemerera pojambula.

Mwayi ukabwera, ine ndimaima ndi timu yomwe mtsikana akasewere, osati yomwe dzina lake likometse nkhani m'nyuzipepala. Wa zaka 18 wokhala pa benchi ku timu yaikulu sizoni yonse amabwerako wopanda vidiyo, wopanda zigoli, kontrakiti itatha. Tabitha anamwetsa zigoli 82 m'maligi ang'onoang'ono a ku Sweden asanakhudze ligi yaikulu, ndipo ziwerengero zimenezo ndi zomwe zinamugulitsa. Ena anganene kuti nanga Rose Kadzere, amene anachoka ku Ascent Soccer ya kuno ku Lilongwe n'kulunjika ku Montpellier ya ku France mu 2024, kapena Faith Chinzimu, amene anachoka komweko n'kupita ku BK Häcken ya ku Sweden mu 2025, bwanji sanayambire pansi? Zoonadi. Koma onani komwe anachokera: malo omwe mwana amadya, amaphunzira sukulu, amajambulidwa akamasewera ndipo mapepala ake amasungidwa. Awiriwa akutsimikiza mfundo yomweyi. Ndipo phindu lake tinaliona tonse pa Bingu National Stadium mu Okutobala 2025, pomwe Faith anamwetsa zigoli ziwiri zomwe zinagonjetsa Angola n'kutengera ma Scorchers ku WAFCON, mpikisano wa matimu a amayi a maiko a mu Africa, koyamba m'mbiri yathu.

Tifike pa kontrakiti, pomwe pamalira ambiri. Kwa FIFA, katswiri wolipidwa ndi amene ali ndi kontrakiti yolembedwa ndipo amalandira zoposa zomwe amaononga posewera mpirawo. Wolandira ya minibasi ndi kabonasi timu ikapambana sali m'gulu limeneli, kaya timu yake ili m'ligi yanji. Kontrakiti sidutsa zaka zisanu, ndipo kwa wosakwana zaka 18 sidutsa zitatu. Ndime iliyonse yonena zoposa apo ilibe mphamvu. Asanasaine, wosewera afunse ngati ndalama yolembedwayo ndi yolandira m'manja kapena msonkho usanadulidwe, chifukwa ku Ulaya kusiyana kwake kumakhala kwakukulu. Aone ngati malipiro ndi a miyezi 12 kapena a miyezi ya sizoni yokha, poti ligi ya ku Sweden imayamba cha m'Marichi kapena Epulo n'kutha mu Novembala, ndipo lendi ya Disembala siyang'ana kalendala ya mpira. Nyumba alipira ndani, ndipo ngati ndi timu, ikudula pa malipiro kapena ayi? Matikiti a ndege obwerera kumudzi ndi angati pa chaka? Inshuwalansi ikufika pa opaleshoni ndi pa miyezi yonse yochira? Achenjerenso ndi ndime yopatsa timu yokha mphamvu yoonjezera zaka pa malipiro omwewo: mtsikana amamwetsa zigoli 20, mtengo wake n'kukwera, iye n'kukhalabe pa ndalama ya chaka choyamba. Kontrakiti ikhale m'chilankhulo chomwe akumva, ndipo kope lake losainidwa ndi mbali zonse alisunge yekha, osati kwa ajenti.

Pali ndime ziwiri zomwe wosewera aliyense anayenera kuziloweza pamtima. Yoyamba: timu singanene kuti kontrakiti yomwe yasainidwa kale yafa chifukwa walephera kuyezedwa m'thupi kapena chifukwa chilolezo chogwirira ntchito sichinatuluke. Zimenezo timu imayenera kuziona isanasainitse. Yachiwiri: timu ikapanda kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera ailembere kalata yoipatsa masiku 15. Ikapanda kulipirabe, ali ndi ufulu wothetsa kontrakiti n'kukasuma. Cholakwika chomwe ambiri amachita n'kungolongedza chikwama n'kubwerera ku Lumbadzi mokwiya, popanda kalata. Akatero, amene waphwanya kontrakiti amakhala iyeyo. Dandaulo la wosewera wa ku Malawi pa timu yakunja limapita ku bwalo la milandu la FIFA, wosewera salipira kalikonse polisuma, koma likadutsa zaka ziwiri chichitikireni nkhaniyo silimvedwanso.

Za pathupi tizinene poyera, chifukwa kwathu kuno mimba ndi yomwe yathetsa mpira wa atsikana ambiri mwakachetechete. Kuyambira mu Januwale 2021, katswiri wolipidwa ali ndi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 14, ndipo 8 mwa amenewa akhale atabereka, akulandira magawo awiri mwa atatu a malipiro ake. Timu yothetsa kontrakiti nthawi imeneyi imaganiziridwa kuti yachita zimenezo chifukwa cha mimbayo, ndipo imalipitsidwa. Si zongolemba: Sara Björk Gunnarsdóttir wa ku Iceland anasumira Lyon yomweyi, ndipo FIFA inalamula kuti apatsidwe mayuro opitirira 82,000 omwe sanalandire ali woyembekezera. Mu 2024 anaonjezerapo kuti wosewera amene akuvutika kwambiri ndi msambo angapume osadulidwa malipiro. Koma taonani mawu oyamba aja: katswiri wolipidwa. Mtsikana wopanda kontrakiti yolembedwa alibe chilichonse mwa izi. Iye amangosowa pa maphunziro a timu, wina n'kuvala jezi yake.

Bondo ndi nkhani yomwe ndikanakonda kochi aliyense wa m'chigawo chapakati atakhalira pansi. Mkati mwa bondo muli mtsempha wotchedwa ACL womwe umagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti zisaterereke, ndipo kafukufuku wa m'maiko ambiri akusonyeza kuti umaduka kawirikawiri mwa osewera aakazi kuposa aamuna. Nthawi zambiri palibe womugunda. Amatembenuka mwadzidzidzi phazi litakanirira pansi, kapena amatera pa mwendo umodzi bondo litapindikira mkati. Amamva kulira kwa "thu" m'bondo, limatupa pasanathe maola ochepa, ndipo pakapita masabata kutupa kukaphwa amayenda bwinobwino. Apa ndi pomwe timamuphera. Ekiselo sionetsa mtsempha, imaonetsa mafupa okha, ndiye amauzidwa kuti sanathyoke. Amamanga bandeji, amabwerera m'bwalo, bondo limagwedera kachiwiri n'kung'amba kachichereŵechereŵe ka mkati, ndipo ali ndi zaka 20 mpira watha. Bondo lotupa msanga chotere lifunika kuonedwa ndi dokotala wa mafupa ndi kujambulidwa pa makina a MRI omwe amaonetsa mitsempha. Mtsempha ukaduka, wofuna kupitiriza mpira amafunika opaleshoni ndi miyezi 9 mpaka 12 ya mafizo, ndipo wobwerera miyezi 9 isanakwane amakhala pa chiopsezo chachikulu choudulanso.

Opaleshoni ndi yodula, koma kupewa n'kwaulere. Pali ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20: mphindi 8 zothamanga pang'onopang'ono pakati pa timakoni, mphindi 10 zolimbitsa mimba, ntchafu ndi kuima pa mwendo umodzi kuphatikizapo kudumpha, ndi mphindi ziwiri zothamanga mwamphamvu ndi kutembenuka. Inayesedwa pa atsikana a ku Norway, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2008 zinasonyeza kuti kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Imafunika kawiri pa sabata, sizoni yonse. Chinsinsi chake chili pa maso a kochi: podumpha ndi potera, bondo likhale pamwamba pa zala za phazi, lisagwere mkati, ndipo chiuno chipindike. Kungothamangitsa ana kuzungulira bwalo kasanu n'kuwaponyera mpira si kutenthetsa thupi. Nsapato nazonso: kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mabwalo a mu Lilongwe amauma gwa, ndipo nsapato za mano aatali zomwe timatola pa kaunjika ku Tsoka zinapangidwira udzu wonyowa wa ku Ulaya. Pa dothi louma pamafunika za mano aafupi ambirimbiri. Zikhalenso zomukwana, nsapato ya mchimwene wake yothinitsidwa ndi masokosi awiri imasewera m'phazi potembenuka.

Chakudya ndingochidutsa mwachidule. Nsima siyolakwika, ndiyo mafuta a wothamanga. Chomwe chimaperewera ndi ndiwo zomanga thupi ndi ayironi. Wosewera wa makilogalamu 60 amafunika pafupifupi magalamu 95 a zomanga thupi pa tsiku, pomwe dzira limodzi lili ndi 6 okha, choncho usipa, nyemba, soya, mtedza ndi mazira ziyenera kuoneka pa chakudya chilichonse, osati madzulo okha. Mtsikana wotopa msanga, wopuma mwawefuwefu, asanatchedwe waulesi akayezetse magazi, poti msambo ndi malungo zimachepetsa magazi. Tiyi asamwere pamodzi ndi chakudya chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Ndipo msambo ukasiya miyezi itatu popanda mimba, chimenecho si chizindikiro chakuti thupi lakhwima ndi masewero. N'chakuti akudya zochepa poyerekeza ndi ntchito, ndipo mafupa ayamba kufooka.

Pali chinanso chomwe chimachotsa atsikana mu mpira chomwe sitikonda kuchitchula. Mu 2021 Tabitha anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ali wamng'ono kuno kumudzi anavulidwapo zovala pa masewero kuti anthu atsimikize ngati ndi mkazi. Ngati zinachitika kwa iye, nanga kwa amene alibe dzina? Onjezanipo kochi amene amasankha timu kuchipinda kwake, kapena wothandiza timu amene thandizo lake lili ndi mtengo wina. Timu iliyonse ya atsikana iyenera kukhala ndi mayi wamkulu woyenda nayo pa ulendo uliwonse, lamulo loti wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda kapena m'galimoto, ndi munthu wodziwika wokadandaulako amene si kochi. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Kholo lomwe likukaniza mwana mpira nthawi zambiri silidana ndi mpirawo; likuopa zimenezi, ndipo silikulakwa.

Ndikudziwa yankho la eni matimu: mukunena zonsezi ngati tili ndi ndalama, pomwe ife timasonkherana ya mafuta kuti tikafike ku Mzuzu. N'zoona, ndipo anthu amenewa asungitsa mpira wa amayi ndi ndalama za m'thumba mwawo zaka zomwe panalibe wowayang'ana. Palibe akuwauza kuti alipire ngati ku America, komwe malipiro otsikitsitsa mu NWSL mu 2025 anali madola 48,500 pa chaka. Koma tawerengani zomwe zatchulidwa pamwambapa. Kulemba zaka zoona sikulira ndalama. Kulembetsa osewera, kujambula masewero pa foni, mphindi 20 za 11+, mayi woyenda ndi timu, pepala la masamba awiri lonena zomwe timu ipereke ndi zomwe ichite wosewera akavulala: zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa ulendo umodzi wa ku Mzuzu uja. Vuto ndi chizolowezi choyendetsa timu ngati banja, pomwe mawu a bambo ndi okwanira ndipo kufunsa pepala kumaoneka ngati mwano.

Chizolowezi chotere sichisintha ndi upangiri, chimasintha ndi lamulo, ndipo mpata wake ulipo tsopano. Mu 2025 kunayamba ligi ya amayi ya dziko lonse, NBM Women's Premiership, ya matimu 10, m'malo modalira maligi a m'zigawo okha. Amene akupereka malo m'ligi ali ndi mphamvu yoika zoyenera kukwaniritsa. FAM itulutse kontrakiti imodzi yachitsanzo, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, yokhala ndi ndime za kuvulala ndi za uchembere, ndipo kope lililonse losainidwa lizisungidwa ku likulu lake ku Chiwembe. Timu yopanda munthu wophunzitsidwa chithandizo choyamba pa benchi isayambe masewero. Pakhale thumba limodzi la inshuwalansi la ligi yonse, chifukwa timu imodzi payokha singakwanitse opaleshoni ya bondo koma matimu 10 pamodzi ndi kampani yothandiza angathe. Ndipo kulembetsa kutsike mpaka ku matimu a ana a zaka 12 a m'makwalala, pa mtengo womwe kochi wa ku Kauma angaufikire, poti kumeneko n'komwe kuwerenga kwa 5 peresenti kuja kumayambira.

Tisanamizanenso: mwa atsikana onse omwe akusewera mu Lilongwe lero, okafika kunja adzakhala owerengeka pa zala. N'chifukwa chake timu yomwe imaika maphunziro a mpira nthawi ya sukulu, kapena kutenga mwana wa Folomu 4 kupita naye ku kampu mayeso a MSCE ali pafupi, ikumulakwira ngakhale atakhala waluso chotani. Setifiketi ya MSCE ndi yomwe imatsegula makoleji a ku America omwe amaphunzitsa osewera mwaulere, ndi yomwe imafunika polowa usilikali kapena upolisi komwe kuli matimu olemba ntchito osewera, ndiponso ndi yomwe imathandiza pa maphunziro a ukochi a bungwe la mpira la mu Africa la CAF, oyambira pa laisensi D kukwera m'mwamba. Kuyimbira mpira nako ndi ntchito: Bernadettar Kwimbira anakaimira Malawi ngati wothandizira oyimbira pa World Cup ya amayi ya 2015 ndi ya 2019, pomwe timu yathu sinafikeko. Wosewera wa zaka 25 amene ali m'ligi lero ayambe laisensi D sizoni ino, akadali ndi dzina lomwe lingamutsegulire chitseko, ndipo matimu a amuna omwe ali ndi nthambi za amayi, monga Silver Strikers, ndi omwe ali ndi kuthekera kolipirira osewera awo awiri kapena atatu maphunziro amenewa chaka chilichonse.